WILLIAM KOYI, MUNTHU WA THEKA LA TALENTE

Mau owerenga: 1 Samueli 15:10-23, Mateyu 25:14-30
Ndime yoloweza: 1 Samueli 15:22

Aphunzitsi anzanga, phunziro lathu la Sabata lino ndi la kumvera Mulungu. Ine ndaphunzitsa ana zaka zambiri, kusukulu ya pulayimale ndi kuno ku Sande Sukulu, ndipo ndidaona kuti mwana akamva mau akuti kumvera, chimene chimayamba kufika m'mutu mwake ndi mkwapulo. Kwa iye womvera ndi uja woopa kumenyedwa. Mukangowauza kuti Mulungu afuna kuti timumvere, adzavomera onse pamodzi mokweza monga achitira masiku onse, koma mumtima adzayesa Mulungu mphunzitsi wamkulu waukali amene akuwadikira pakhomo la ofesi. Nchifukwa chake ndasankha kuti tiwasimbire mbiri ya munthu mmodzi, kuti aone m'mene kumvera kumaonekera pa moyo wa munthu wonga ife.

Munthuyo ndi William Koyi. Sadali Mzungu, sadadzozedwe ubusa, ndipo adamwalira asadaone Mngoni ndi mmodzi yemwe akubatizidwa. Manda ake ali ku Njuyu, m'boma la Mzimba. Werengani mbiriyi kunyumba kawiri kapena katatu, kuti pokaima pamaso pa ana mukasimbe ndi pakamwa panu, maso ali pa iwo, kabuku kano katatsekedwa.

Ubwana wake

Koyi adabadwa m'chaka cha 1846 ku Thomas River, kum'mawa kwa dziko la Cape ku South Africa. Adali wa mtundu wa Axhosa, ndipo makolo ake sadali Akhristu. Ali ndi zaka ngati 10, mtundu wake udagwa m'tsoka lalikulu. Mtsikana wina dzina lake Nongqawuse adanena kuti mizimu ya makolo yamtuma kukauza anthu kuti aphe ng'ombe zawo zonse, ataye chakudya chimene adasunga, ndipo asalimenso. Akatero, akufa adzauka, ng'ombe zatsopano zidzatuluka, ndipo Azungu amene ankawalanda dziko adzachoka. Mafumu ambiri ndi anthu awo adakhulupirira. M'zaka za 1856 ndi 1857 adapha ng'ombe zosawerengeka, nadikira tsiku lolonjezedwa lija. Tsikulo lidafika, dzuwa lidatuluka ndi kulowa monga mwa masiku onse. Chimene chidatsatira ndi njala. Olemba mbiri amati anthu pafupifupi 40,000 adafa, ndipo ena ambiri adamwazika kukapempha ntchito m'mafamu a Azungu.

Pano imani pang'ono ndi ana okulirapo. Musalole kuti awaseke anthu amenewa. Adali anthu otopa ndi nkhondo, olandidwa minda, ndiponso ng'ombe zawo zidali zikufa kale ndi nthenda ya m'mapapo. Munthu wothedwa nzeru amagwira chilichonse. Ndiponso taonani kuti adamvera ndithu, kumvera kotiposa ife. Ndani wa kuno ku Lobi angaphe ng'ombe zake zonse chifukwa cha mau a m'kachisi? Koma adamvera mau amene sadali a Mulungu, ndipo kumvera kwawoko kudawapha. Tsono ana adziwe kuti kumvera pakokha sikupulumutsa munthu. Funso loyamba ndi lakuti ndikumvera yani. Mtumwi Yohane m'kalata yake yoyamba, mutu 4, atichenjeza kuti tiziyesa mizimu tisanaikhulupirire. Aneneri otere sadathe. Ngakhale lero alipo amene amauza odwala kuti ataye mankhwala a kuchipatala.

Koyi adali mmodzi wa ana amene njala ija idawachotsa kwawo. Adakalowa ntchito kwa alimi achizungu, yotsogolera ng'ombe zokoka ngolo. Ndi ntchito ya kamnyamata, yoyenda patsogolo ndi chingwe m'manja, m'fumbi ndi m'matope. Atakula adakagwira ntchito yotsuka ubweya wa nkhosa ku Uitenhage, kumene adakwezedwa kukhala kapitawo, kenaka adalowa ntchito m'sitolo ku Port Elizabeth. Sadapondepo m'kalasi, koma adayamba kudziphunzitsa kuwerenga Chixhosa. M'chaka cha 1869 adatembenuka mtima nalowa mpingo wa Methodist mumzinda womwewo.

Tsiku lina pa nthawi ya chakudya cha masana adatola tsamba la nyuzipepala ya Chixhosa yotchedwa Isigidimi samaXhosa. Powerenga adamva za sukulu ya mishoni ya Lovedale. Atafunsa, adamuuza kuti kuli mtunda wa mamailosi 150, ndiwo makilomita ngati 240, pafupifupi ngati kuchoka pa boma la Dedza kukafika ku Blantyre. Adasiya ntchito yake ya malipiro, nayenda ulendo wonsewo pansi. Chimenecho chidali chaka cha 1871, iye ali ndi zaka 25. Ife amene tidaphunzitsapo kale tikumbukira anyamata andevu amene ankakhala pabenchi limodzi ndi tiana, ndi manyazi amene ankachita akalephera samu imene kamwana kakhoza. Koyi adapirira manyazi otere. Sadali wanzeru zoposa anzake m'kalasi. Chimene aphunzitsi ake adaona mwa iye ndi kukhulupirika, kotero adampatsa udindo wothandiza kuyang'anira anyamata pa ntchito zamanja.

Kuitana kwa 1876

M'mwezi wa Okutobala 1875 sitima ya Ilala idalowa m'nyanja yathu, ndipo amishoni a Livingstonia, pamodzi ndi Dotolo Robert Laws, adamanga malo awo oyamba ku Cape Maclear. Chaka chotsatira Dotolo James Stewart, mkulu wa sukulu ya Lovedale, adakonzeka kupita kunyanjako ndi gulu lachiwiri. Adaitana ophunzira ake, nawafunsa ngati alipo wofuna kupita naye. Sadawabisire kuti ndi dziko lakutali, la malungo ndi la malonda a akapolo. Adadzipereka anthu 14.

Pamsonkhano umenewo ena adalankhula bwino, poti adali ophunzira kwambiri. Koyi ataimirira adanena mwachidule kuti iye alibe ngakhale talente imodzi yathunthu, ali ndi theka chabe, koma theka lomwelo afuna kuligwiritsa ntchito kwa Khristu. Ndipo ngati sangathe kuphunzitsa, apita ndithu kukatema nkhuni ndi kutunga madzi.

Mau amenewa ndiwo mtima wa phunziro lathu, tsono muwafotokoze mosafulumira. Poyamba akumbutseni ana fanizo la matalente. Kapolo amene adalandira imodzi adaikumbira pansi, ndipo chifukwa chimene adapereka ndi mantha. Nthawi zambiri amene amakana ntchito mumpingo sanena kuti sindifuna. Amati sindidaphunzire, ndilibe mau, asankheni auje odziwa Chingerezi. Kumveka kwake ngati kudzichepetsa, koma pansi pake pali kukana. Ine ndakhala pa mabwalo a akulu a mpingo kumene tidatha ola lathunthu kufuna munthu woti aziphunzitsa ana, aliyense akuloza mnzake mwaulemu. Koyi adadziwa kuchepa kwake bwino lomwe, sadadzinamize, koma sadakusandutse chobisalirapo.

Chachiwiri, za nkhuni ndi madzi zija zichokera m'buku la Yoswa, mutu 9. Kumeneko ntchito imeneyi idaperekedwa kwa Agibeoni ngati chilango chifukwa cha chinyengo chawo. Idali ntchito ya akapolo. Koyi adaipempha yekha, popanda womkakamiza. Apa ndi pamene ana angaone kusiyana kwa kumvera kwa mkwapulo ndi kumvera kwa chikondi. Palibe akadamlanga akadakhala chete pamsonkhano uja. Akadatsiriza maphunziro ake, nakwatira, nakhala mkulu wa mpingo wolemekezeka kwawo, ndipo palibe akadamnena. Mwa anthu 14 aja adasankhidwa anayi: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili.

Adafika ku Cape Maclear m'mwezi wa Okutobala 1876. Za anayiwa auzeni ana zoona zake. Wauchope adadwala kwambiri panjira, ndipo adambweza kwawo asadagwire ntchito imene adadzera. Pambuyo pake adakhala mbusa, ndipo adafera m'nyanja m'chaka cha 1917 pamene sitima ya Mendi idamira. Mngunana, amene adali mphunzitsi waluso ndipo amishoni ankayembekeza zambiri kwa iye, adamwalira m'chaka cha 1877 asadathe ndi chaka chimodzi chomwe. M'chaka chomwecho adamwaliranso Dotolo William Black amene adabwera nawo limodzi. Ntintili, mmisiri wa ngolo, adagwira ntchito ku Blantyre, nabwerera kwawo m'chaka cha 1880. Mwana wochenjera adzakufunsani kuti nanga Mngunana adalakwa chiyani. Muyankheni kuti sadalakwe kanthu. Adamvera monga momwe Koyi adamvera. Tisaphunzitse ana kuti womvera Mulungu sadwala ndipo safa msanga, chifukwa tsiku limene adzaika m'manda mayi wawo wopemphera adzati tidawanamiza.

Koyi adagwiradi ntchito zija adapempha. Adayang'anira antchito, adathandiza zomangamanga, ndipo pa nthawi ina adatumizidwa ku Blantyre pamodzi ndi Ntintili kukathandiza mishoni ya kumeneko imene idali itafooka. Koma padali chinthu china chimene iye sadachiwerengere konse pamene ankati ali ndi theka la talente.

Kwa Chikuse

Angoni adachokera kummwera, kudziko loyandikana ndi kwawo kwa Koyi, pothawa nkhondo za nthawi ya Shaka. A Zwangendaba adaoloka Zambezi m'mwezi wa Novembala 1835, tsiku limene dzuwa lidadetsedwa. A Maseko adadzera njira yawo, ndipo atayendayenda adadzakhazikika m'mapiri athu ano, cha ku Domwe, tsidya la malire ku Mozambique. Chingoni ndi Chixhosa ndi zinenero zapachibale, kotero Mxhosa ndi Mngoni ankamvana. Laws adali dotolo ndiponso mbusa wophunzira kwambiri, koma pamaso pa nduna za Angoni adali ngati wosalankhula. Chinenero chimene Koyi adayamwa kwa amayi ake, chimene sadachilembere mayeso ku Lovedale, ndicho chidakhala mfungulo.

M'mwezi wa Ogasiti 1878 Laws adanyamuka ku Cape Maclear ulendo wapansi wokafuna malo abwino a mishoni, ali ndi James Stewart wina, mmisiri wa misewu, ndi Koyi ndi amtengatenga. Adakwera phiri kuchoka kunyanja nafika kwa Chikuse, mfumu ya Angoni a Maseko, bambo wake wa Gomani woyamba. Pamenepo Koyi ndiye adali pakamwa ndi makutu a ulendo wonsewo. Auzeni ana athu a kuno ku Dedza kuti zimenezi zidachitika kufupi ndi kwathu, m'dziko lomwe lino la chisanu kumene tilima kachewere. Masiku amenewo makolo athu Achewa ambiri ankagona m'mapiri ndi m'malinga chifukwa choopa nkhondo. Kunalibe Mvera, kunalibe Nkhoma, kunalibe Mphunzi. Mmodzi wa anthu oyamba kulankhula za Mulungu kwa mfumu ya Angoni a kuno m'chinenero chimene mfumuyo inkamva adali munthu wakuda, kale wotsogolera ng'ombe za ngolo.

Chikuse sadatsegule dziko lake nthawi imeneyo. Ulendo udapitirira kumpoto, kudzera kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi kwa Atonga, mpaka kukafika kwa Angoni a kumpoto. Udatha miyezi itatu. Pambuyo pake Koyi adaikidwa ku Kaning'ina, pakati pa Atonga a kunyanja ndi Angoni a kumapiri, anthu amene adali pa udani woopsa. Kuchokera kumeneko adayamba kuyendera midzi ya Angoni, ndipo pamene Laws adakaonana ndi Inkosi M'mbelwa m'chaka cha 1879, njira idali italambulidwa ndi Koyi.

Zaka zake zoyamba zitatha adapita kwawo kukapuma, ndipo adakwatira mwana wa mbusa wina wa kumeneko. Apa ndipo ndimamlemekeza koposa. Ulendo woyamba munthu amapita asakudziwa; pamakhala nyimbo, anzake akumperekeza, mtima uli m'mwamba. Ulendo wachiwiri adali atawona manda a Mngunana, atalawa malungo, atawona midzi yotenthedwa. Anzake atatu aja panalibe ndi mmodzi yemwe wotsala kunyanja. Adali nacho chifukwa chokwanira chonenera kuti mbali yanga ndachita. Koma adabwerera.

Ndikumbukira kuti nditangotuluka ku koleji ya aphunzitsi adandituma kusukulu ina yakutali, kopanda msewu, nyumba yake yodontha. Chaka choyamba ndidapita mokondwa, poti ndidali mnyamata wonyadira setifiketi. Tchuthi chitatha ndidakhala masiku atatu kwathu ndikunamizira mutu, mpaka malume anga adandinyamulira okha katundu kundiperekeza. Sindinena izi kuti ndidzifanizire ndi Koyi, iyayi. Ndinena kuti inunso mudziwa kuti Sabata loyamba la uphunzitsi wa Sande Sukulu ndi lokoma, koma lovuta ndi la chaka chachitatu, m'mwezi wa Juni kukuzizira, ana atabwera asanu okha.

Ku Njuyu

M'chaka cha 1881 mishoni idasamuka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe, pakati pa Atonga. Angoni sadakondwere nazo. Iwo ankati Atonga ndi anthu awo othawa, tsono bwanji Azungu akhala ndi akapolo m'malo mokhala ndi eni dziko? M'chaka cha 1882 Koyi adakwera kukakhala ku Njuyu, pafupi ndi mudzi wa a Chipatula, tsidya lina la mtsinje wa Kasitu kuyang'anana ndi kwa M'mbelwa. Poyamba adali yekha. Kenaka adabwera James Sutherland wa ku Scotland, ndi George Williams, Mxhosa mnzake wochokeranso ku Lovedale, ndipo m'chaka cha 1885 adafika Dotolo Walter Elmslie.

Angoni adalola kuti akhale, koma sukulu adakana. Nduna zidaona patali. Zidadziwa kuti anyamata akaphunzira buku limene liletsa kupha ndi kulanda, adzaleka kupita kunkhondo, ndipo ufumu wawo udakhazikika pa nkhondo. Tisawayese opusa, adamvetsa mphamvu ya Mau a Mulungu kuposa Akhristu ena a lero. Tsono zaka zinayi zathunthu Koyi adakhala pamalo pamene ntchito imene adadzera idali yoletsedwa. Ankachititsa mapemphero pa Sabata pamalo pomwe ankakhalapo. Ankaona magulu a nkhondo akutsika kunyanja ndi zishango ndi nthungo, ndi kubwerako ndi akazi ndi ana ogwidwa, ena a iwo ochokera kumidzi yoyandikana ndi Bandawe. Kangapo konse padamveka mphekesera zoti amishoni aphedwa kapena kupirikitsidwa. Sutherland adamwalira m'chaka cha 1885.

Nanga Koyi ankachita chiyani zaka zonsezo? Kwambiri ankakhala pansi ndi kumvetsera. Ankapita kumabwalo a milandu, ankadziwa kulonjera mfumu, ankadziwa nthawi yolankhula ndi nthawi yokhala chete. Azungu akalankhula mau okhadzula chifukwa chosadziwa mwambo, iye ankawongola pomasulira, ndipo pambuyo pake ankawalangiza. Angoni akakwiya, ankayamba kufikira kwa iye. Adamutcha dzina lakuti Umteteleli, ndiye kuti wolankhulira ena. M'Chichewa chathu tingati nkhoswe. Ana onse adziwa ankhoswe, amene amadzutsidwa usiku banja likayaka moto, amene amatukwanidwa ndi mbali zonse ziwiri, ndipo zinthu zikakoma palibe amawakumbukira. Elmslie, amene pambuyo pake adalemba buku lotchedwa Among the Wild Ngoni m'chaka cha 1899, adavomereza poyera kuti ntchito ya ku Ungoni idaima pa Koyi.

Kunena zoona, mabuku ambiri a mbiri ya mpingo amene tidaphunzira ife adadzaza ndi maina a Laws ndi Elmslie, ndipo Koyi amangotchulidwa podutsa ngati womasulira. Amishoni adali anthu a nthawi yawo. Sadafulumire kupatsa munthu wakuda udindo wolingana ndi wawo, ndipo Koyi adafa ali mlaliki. Ichi sindichiyamikira, ndipo musaphunzitse ana kuti kumvera Mulungu ndiko kuvomereza kuponderezedwa. Chimene ndiona ine nchakuti Koyi sadaike ntchito yake pa ulemu umene anthu ankampatsa kapena kummana. Adadziwa amene adamtuma.

Padali anyamata atatu apachibale, ana a sing'anga wina wa fuko la Tembo, maina awo Chitezi, Mawelera ndi Makara. Iwowa adayamba kubwera usiku mobisa kunyumba ya mishoni kudzaphunzira kuwerenga. Amishoni sadawabweze. Pano padzabukanso funso kwa ana okulirapo: kodi sikudali kusamvera mfumu kumeneku? Musalithawe funsoli. Aroma 13 atiuza kuti timvere aulamuliro, ndipo Koyi adaterodi: sadamange sukulu mwamakani, sadaitane anthu kuti aukire M'mbelwa, adadikira chilolezo zaka zinayi ngakhale mtima unkawawa. Koma munthu wobwera yekha usiku kudzafunsa za Mulungu sakadatha kumtsekera chitseko, pakuti pamenepo pagwira mau a Petro pa Machitidwe 5:29, oti pakasemphana lamulo la Mulungu ndi la anthu, la Mulungu ndilo litsogola. Kudziwa malire a ziwirizi sikophweka, ndipo ine sindinganene kuti ndidawadziwa bwino masiku onse pa zaka zimene ndidagwira ntchito ya boma. Ana angathe kuyamba ndi zazing'ono: bambo akakutuma kumunda, pita, akakutuma kukaba chimanga cha mnansi, kana mwaulemu.

Mvula ndi chilolezo

Dzinja la 1885 kulowa 1886 mvula idakana ku Ungoni. Adapereka nsembe za ng'ombe kwa mizimu, koma kumwamba kudangoti mbee. Ena adayamba kuloza amishoni kuti ndiwo amanga mvula. Potsiriza, m'mwezi wa Januwale 1886, nduna zidapita ku Njuyu kukapempha kuti amishoni apemphere kwa Mulungu wawo. Pamenepa padali msampha, chifukwa akadavomera mwachisawawa akadasanduka asing'anga a mvula, ndipo Uthenga ukadakhala ngati mankhwala ena oposa a eni dziko. Iwo adaitana anthu kumapemphero a pa Sabata monga mwa nthawi zonse, nawauza kuti mvula ndi ya Mulungu, munthu sangailamule, angathe kuipempha chabe. Anthu adabwera ambiri. Tsiku lotsatira mvula idagwa.

Ana amaikonda mbali imeneyi, ndipo nkoyenera kuti aikonde. Koma chenjerani nayo. Mukaisimba ngati kuti mvula ndiyo malipiro a kumvera, mwawabwezera kwa Nongqawuse, amenenso adalonjeza kuti mukachita chakuti mudzalandira chakuti. Koyi adali atamvera kale zaka 10 popanda chozizwitsa chilichonse, ndipo mvula ikadapanda kugwa tsiku lija, palibe chotisonyeza kuti akadalongedza katundu.

Pa nthawi imeneyi nkuti thupi lake litatha. Malungo a zaka zambiri adali atamfoola, ndipo chifuwa chidamgwira. M'mwezi wa Meyi 1886 M'mbelwa ndi nduna zake adagwirizana kuti amishoni aloledwe kuphunzitsa ana ndi kulalikira m'dziko lonse. Elmslie adapita ndi uthengawo pamphasa pamene Koyi adagona. Koyi atamva adayankha ndi pemphero lija la nkhalamba Simeoni la pa Luka 2, lopempha kuti tsopano Ambuye amlole kapolo wake apite mumtendere. Adamwalira pa 4 Juni 1886, ali ndi zaka 40, ndipo adaikidwa pomwepo pa Njuyu.

Sukulu idatsegulidwa m'mwezi wa Disembala chaka chomwecho, iye atagona m'manda miyezi isanu ndi umodzi. Mavuto sadathere pomwepo. M'chaka cha 1887 nkhondo idatsala pang'ono kugwera Bandawe, ndipo Laws adachita kukweranso kukakambirana ndi M'mbelwa, tsopano popanda nkhoswe uja. Mawelera ndi Makara Tembo adabatizidwa m'chaka cha 1890, Angoni oyamba a kumpoto kulowa mumpingo, ndipo Mawelera adadzakhala mlaliki ndi wopeka nyimbo za Mulungu m'mayimbidwe a Chingoni. Pamene boma la Azungu lidafika, Gomani wa kuno kwathu adaphedwa m'chaka cha 1896, dziko la Mpezeni lidagonjetsedwa ndi mfuti m'chaka cha 1898, koma Angoni a M'mbelwa adalowa pansi pa boma m'chaka cha 1904 pamsonkhano wa ku Ekwendeni popanda kukhetsa mwazi. Zifukwa zake nzambiri, koma chimodzi mwa izo nchakuti kumeneko kudali kale anthu ozolowera kukhala pansi ndi kukambirana, ndipo amene adayamba kuyala mphasa imeneyo tamdziwa.

Kuno kwathu khomo lidatsegukanso pang'onopang'ono. A Livingstonia adayamba ntchito ku Livlezi pakati pa anthu a Chikuse, ndipo pambuyo pake adaipereka kwa amishoni a Dutch Reformed. Abusa A.C. Murray, amene adafika m'chaka cha 1888 nayamba wakhala ndi amishoni a Livingstonia kumpoto, adamanga Mvera pamodzi ndi Abusa T.C.B. Vlok m'chaka cha 1889, m'dziko la Chiwere, mfumunso ya Chingoni. Nkhoma idatsatira m'chaka cha 1896, ndipo Mphunzi m'chaka cha 1903.

Pomaliza kalasi, musawafunse ana ngati afuna kupita kudziko lakutali monga Koyi, pakuti adzakweza manja onse ndipo palibe chidzachitike. Afunseni mmodzimmodzi kuti theka la talente lake nchiyani, ndipo muyambe mwatchula lanu. Wina adzati kuyimba, wina kusesa, wina adzangoyang'ana pansi. Ameneyo mumthandize, poti mwina ndi uja amadziwa kuyanjanitsa anzake akamenyana kudambo. Lembani mayankho awo m'kope lanu, ndipo Sabata lamawa mudzawafunse chimene achita nalo m'kati mwa mlungu.